Pomwe Ng'oma Imadikira

Muofesi ina ya opanga gemu za pakompyuta nyimbo sankaisankha ndi pakamwa. Pakamwa pamanama. Munthu atha kuyamikira nyimbo mpaka malovu kuuma, chonsecho n'chifukwa choti woimbayo ndi mlamu wake. Choncho anthu anayi a muofesimo anali ndi lamulo lawo: nyimbo ikamalira, aliyense aike manja patebulo, akhale chete, asagwedeze ngakhale mutu. Zala zikayamba zokha kugogoda thabwa, nyimboyo yalowa. Zikangokhala lende, yatuluka, kaya anaiimba ndani.

Ofesiyo inali pamwamba pa shopu ya matayala, zipinda ziwiri ndi fani imodzi yodandaula tsiku lonse. Gemu imene ankapanga inali yosavuta kuifotokoza. Nyimbo ikulira, timadontho tikutsika pa sikirini, ndipo wosewera amamenya mabatani anayi a pa kabokosi nthawi yeniyeni imene kadontho kafika pamzere wapansi. Ukamenya bwino umapeza mapointi. Ukachedwa kapena kufulumira, sikirini imafiira, anzako n'kukuseka.

Wobweretsa nyimbo patebulopo anali mkazi wina amene anzake ankangomutchula kuti Khutu, chifukwa ankatha kumva gitala yosachunidwa bwino ngakhale ikulira m'galimoto yodutsa mumsewu. Khoma la kumbuyo kwake linali litadzaza timapepala tomata, mtundu uliwonse wa nyimbo ndi utoto wake. Rege inalowa popanda mkangano, poti imayenda mwaulemu ndipo ongoyamba kumene imawagwira dzanja. Za kwaya anaziumirira ndi Abwana, mwini kampaniyo, mayi wa magalasi amene ankati gemu yoti azakhali ako sangaigule si gemu. Rapu inavuta: mawu mbwee, koma zala zilibe chochita, moti inalowa imodzi yokha. Jazi anaiyesa kawiri, Wojambula zithunzi za mu gemu n'kunena kuti akumva ngati anthu akukangana m'basi, nkhani n'kuthera pomwepo. Zimene zinachuluka pakhomapo zinali zovina za pakompyuta, chifukwa zinali zokondedwa za Rula.

Rula ndiye ankaika timadontho m'nyimbo. Dzinalo analipata chifukwa chokonda zinthu zowongoka. Ngakhale kapu yake ankaiika pakona yeniyeni ya tebulo, ndipo wina akaisuntha ankadziwa.

Pakhomapo panali patatsala malo amodzi, a nyimbo yomaliza, ndipo Abwana anali atanena kuti sabata ikamatha mndandanda utsekedwa.

"Ndili nayo ina," anatero Khutu m'mawa wina. "Koma ndi yakale."

"Yakale bwanji?" anafunsa Abwana.

"Imandiposa msinkhu pang'ono."

"Ndi ya ndani?"

"Manja patebulo, abwana. Lamulo ndi lanu lomwe."

Chimene Khutu sananene n'choti nyimboyo inali ya kwawo. Inali ya bandi ina yaing'ono imene kale inkaimba m'maholo a zovina, ndipo pa moyo wake wonse inajambula kaseti imodzi yokha. Woimba ng'oma anali bambo ake, woimba pakamwa mayi ake. Chaka chapitacho bambowo anagwa ndi sitiroko, dzanja lamanzere n'kuzizira. Kuyambira pamenepo ankangokhala pampando wa pawindo, wailesi yozima, timitengo ta ng'oma atauza akazi awo kuti atibise kumene sangatione. Khutu zinkamupweteka kuona munthu amene kale ankagogoda chilichonse, mbale, chitseko, ngakhale mutu wa mwana, atangoti duu. Ankafuna nyimboyo ilowe mu gemu kuti bambo ake adziwe kuti manja awo akadali ndi anthu owafuna.

Nyimbo inayamba ndi kaphokoso ka kaseti yakale. Woyamba kugonja anali Wojambula. Kenako mphete ya Abwana inayamba kulira pathabwa. Rula analimbalimba, atayang'ana kudenga ngati sakumva, koma pofika pa kolasi chala chake chapakati chinamupereka.

Apa Khutu anaulula.

Abwana anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ukananena poyamba ndikanakana. Koma zala zavomera, ine ndine ndani? Zinthu ziwiri basi. Eni ake avomere, ndipo Rula aiike madontho sabata isanathe. Apo ayi, pali ina yovina ikudikira."

Madzulo a tsiku lomwelo Rula anavula mahedifoni n'kutembenuza mpando.

"Khutu, bambo akowa ankamwa chiyani?"

"Tiyi."

"Ndiye anali tiyi wamphamvu. Tabwera uone."

Pa sikirini panali mizere yoimirira, yotalikirana mofanana, ndipo nyimboyo inali itagona pamwamba pake ngati mapiri ang'onoang'ono. Rula anafotokoza kuti nyimbo za masiku ano amazipanga motsatira kawotchi ka mu kompyuta, choncho kugunda kulikonse kumagwera pamzere, iye n'kungoikapo kadontho. Koma iyi inkayamba bwino, pa kolasi n'kuthamangira kutsogolo kwa mizere, ndipo pa ndime yachitatu inkatsalira kumbuyo ngati munthu wokwera chitunda ndi katundu.

"Sizingatheke?" anafunsa Khutu, mtima uli m'mwamba.

"Zingatheke. Ndiiwongola. Pothamanga ndikoka, pochedwa ndidula. Sadziwa n'komwe."

Khutu anavomera ndi mtima wonse, ndipo apa m'pamene analakwira. Iye ankaganiza kuti akuwachitira zabwino bambo ake, monga mmene umasitira malaya a munthu asanaonekere pagulu. Nyimboyo itatuluka m'manja mwa Rula inali yoyera, kaphokoso konse katachoka, kugunda kulikonse pamalo pake. Khutu anaimvera kawiri n'kumuuza Rula kuti ndi mfiti.

Anafika nayo kwa makolo ake dzuwa lisanalowe. Mayi ake ankapinda zovala pasofa. Bambo ake anali pampando wawo uja, dzanja lamanzere lili pamwendo. Khutu anafotokoza zonse, za gemu, za manja patebulo, za mphete ya Abwana, kenako anaika foni pa katebulo n'kuyatsa.

Poyamba nkhope ya bambowo inamasuka, mbali imodzi ya pakamwa n'kukwera. Pa kolasi anakwinya pachipumi. Ndime yachitatu itangoyamba anakweza dzanja labwino lija.

"Zimitsa."

Khutu anazimitsa.

"Akuimba ng'oma apa ndani?" Mawu awo ankatuluka pang'onopang'ono chiyambire kudwala, koma ankamveka.

"Ndinu, adadi."

"Ine sindinaimbepo ngati msilikali."

"Tangoikonza pang'ono kuti igwirizane ndi gemu."

"Ndiye muikeko dzina la amene waikonzayo. Langa ayi."

Khutu anapsa mtima, monga amapsera munthu amene wabweretsa mphatso n'kubwezedwa nayo. "Adadi, munkachedwa. Si ine ndikunena, kompyuta yaonetsa. Pa ndime yachitatu munkatsalira."

Mayi ake anaseka mpaka kugwetsa thaulo limene ankapinda. "Kuchedwa ankachedwadi awa. Ngakhale pa ukwati wathu anafika abusa atatopa. Koma apo pokha sanachedwe, mwanawe. Ankadikira ine."

"Ankadikira chiyani?"

"Tsiku limene tinkajambula nyimboyi ndinali ndi pakati pako, potopa kale. Iwe unali utakhazikika pa mapapo anga ngati m'nyumba yako. Mwini situdiyo anali atatiuza kuti tepi ndi imodzi, palibe kubwereza. Pofika ndime yachitatu mpweya unandithera. Ndinkaona kuti ndigwa kapena ndisiya. Bambo akowa anandiona mapewa, n'kuibweza ng'oma kuti ndipume, anzawo onse n'kuwatsatira. Ndinamaliza."

"Woimba ng'oma sayang'ana wotchi," anatero bambowo atayang'ana panja. "Amayang'ana mapewa a woimba. Inu mwawadula mpweya mayi ako."

Khutu anayatsanso nyimboyo motsitsa, n'kuika foni kukhutu. Zinali zoona. Pakati pa mizere ya ndime yachitatu, pamene mu kaseti munkamveka mayi akukoka mpweya wautali, tsopano munali timapumidwe todukaduka. Iye, wotchedwa Khutu, anali ataimvera kawiri osamva. Manyazi anamugwira mpaka m'zala.

"Nanga pa kolasi, pothamanga paja?" anafunsa ndi mawu apansi. "Munkadikiranso ndani?"

"Apo ndinkangodzionetsera," anatero bambowo.

M'mawa mwake Khutu anamufotokozera Rula zonse. Rula anakanda pamutu nthawi yaitali.

"Mizere yangayi siimva za pakati," anatero. Koma sanali munthu woipa mtima, ndipo nkhaniyo inamulowa. Anasuntha kapu yake, n'kuibwezera pakona. "Njira ilipo imodzi. Titaye mizere. Munthu amvere nyimbo ya mu kaseti, yosakonza, n'kumagogoda pa kabokosika kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Paliponse pamene wagogoda, kompyuta idzala kadontho. Kungoti ayenera kugogoda ndendende pamene pagunda ng'oma."

Anayesa. Rula anagwa pa kolasi. Wojambula sanafike n'komwe. Khutu, amene tsopano ankadziwa chifukwa chake, ankafika pa ndime yachitatu atakonzeka, koma zala zinkamuthawa n'kufika msanga. Kudziwa kuti munthu adikira n'kosiyana ndi kudziwa kuti adikira mpaka liti. Masana Abwana anadutsa n'kumata kapepala ka nyimbo yovina ija m'mbali mwa malo otsalawo. Khutu anakaona.

"Wodziwa alipo mmodzi," anatero Rula.

"Sangalole. Timitengo sanatigwire chigwereni. Ndipo dzanja ndi limodzi."

"Kabokosika sikafunsa kuti uli ndi manja angati. Tiziyenda kanayi, batani limodzi ulendo umodzi. Ng'oma yaikulu kaye, kenako zinazo."

Tsiku lotsatira masana Khutu ndi Rula anatseka makompyuta n'kunyamuka. Rula analowa m'nyumba ya makolo a Khutu atavula chipewa, laputopu m'khwapa, n'kupereka moni ndi manja awiri.

"Ndiwe wowongola uja?" anafunsa bambowo.

"Ndine, bambo. Ndabwera kudzakhotetsanso."

Mayi a Khutu anaseka, koma amuna awo anangoyang'ana kabokosi kamene Rula anaika pa katebulo, ngati munthu amene wapatsidwa chidole cha mwana.

"Ng'oma ndi manja awiri ndi miyendo iwiri. Mukufuna mundiseke?"

Khutu anagwada m'mbali mwa mpando wawo. Anali atakonza mawu ambiri m'njira, koma onse anathawa. "Adadi, ndinalakwa. Ndikufuna ilowe mmene munaiimbira. Tayesa tonse, tikulephera. Mukakana, malowo atenga ina, ndipo ine sindikufuna ina."

Bambowo anatambasula dzanja lamanja n'kudina batani limodzi ndi chala, ngati akuyesa ngati chipatso chapsa.

"N'kolimba," anadandaula. "Yatsa."

Rula anawaveka mahedifoni. Ndime yoyamba inayenda, chala chikutsika molemera koma pamalo pake, timadontho tikumera pa sikirini. Pa kolasi mutu unayamba kugwedera. Koma atafika pa ndime yachitatu chalacho chinazengereza, chinamenya pawiri, kenako chinaima. Anavula mahedifoni n'kuwaponya pamwendo.

"Zakanika. Chotsani."

"Tibwereze, bambo," anatero Rula. "Tepi ya masiku ano siitha."

"Si za tepi. Sindikuona kanthu. Ndidikira ndani, khoma?"

Khutu anayang'ana pansi. Anali atawakokera bambo ake pamalo oti alephere pamaso pa mlendo, ndipo anayamba kudzida nazo.

Mayi ake ndiwo anadzuka. Anakankhira katebulo pambali ndi bondo, n'kuima pakati pa chipinda moyang'anizana ndi amuna awo, atagwira m'chiuno.

"Achimwene, chotsani zam'makutuzo, ilire tonse timve," anauza Rula. Kenako kwa amuna awo: "Mapewa ndi awa. Anenepa, koma ndi omwe aja."

"Mawu mukadali nawo inu?"

"Inu samalani zanu."

Nyimbo inayambanso, ikulira pa sipika. Mayiwo anaimba limodzi ndi mtsikana wa mu kaseti uja, mawu awo tsopano okhuthala, okanda pang'ono pokwera. Sankayang'ana aliyense. Pa ndime yachitatu sanachite kuyerekeza, poti ukalamba unawachitira zimene mimba inawachitira kale: mpweya unachepa, mapewa anakwera, ndipo chala cha amuna awo chinaima m'mwamba, chikudikira, n'kutsika pamene mapewawo anatsika. Rula anayang'ana pa sikirini. Kadontho kanali katagwera pamwamba penipeni pa kugunda kwa mu kaseti. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu chimodzimodzi. Anamukodola Khutu ndi chigongono.

Anayenda maulendo onse anayi. Pomaliza bambowo malaya anali atanyowa kumsana, ndipo mayiwo anadzigwetsa pasofa akupempha madzi.

"Ulendo wachiwiri uja tibwereze," anatero bambowo. "Pa kolasi sindinadzionetsere mokwanira."

Linatsala linali khomo la Abwana. Mwambo wa ofesiyo unali woti nyimbo ikaikidwa madontho, aitane anthu osadziwa za gemu adzaiyese. Tsiku lotseka mndandanda anakwera ogulitsa matayala awiri a pansi aja, manja atapukuta pa ovolosi, ndi mayi wina wa saluni yoyandikana nayo, chipeso chili m'thumba la epuloni.

Wamatayala woyamba anayenda bwino mpaka ndime yachitatu, sikirini n'kufiira yonse. Wachiwiri anamuseka, n'kukagwa pamalo omwewo. Mayi wa saluni, amene pa rege ndi pa kwaya anali atawaposa onse, nayenso anagwa pomwepo.

Abwana anapinda manja. "Mwaona? Munthu akalephera osadziwa chimene walakwa, amazimitsa n'kukauza anzake kuti gemuyo ndi yowonongeka." Anayang'ana kukhoma kuja, kumene kapepala ka nyimbo yovina kankadikira.

Khutu ankaganiza za malaya onyowa aja, ndi mmene akalowere m'nyumba muja kukanena kuti zonse zija zapita pachabe.

"Ikaninso," anatero mayi wa saluni.

"Zikomo mayi, mwatithandiza," anatero Abwana. "Makasitomala anu akudikira."

"Adikire, tsitsi silithawa. Pali chimene akuchita wang'omayu pamenepa. Sakulakwitsa ayi, akundinyengerera. Ikaninso."

Rula anaika. Mayiyo anagwanso, koma mochedwerapo. Ulendo wachitatu anasiya kuyang'anitsitsa madontho, anapendeketsa mutu kumvera woimbayo, ndipo anadutsa ndime yonse sikirini isanafiire. Anaika kabokosi pansi n'kupumira m'mwamba ngati waimba ndi iyeyo. Apo n'kuti amatayala aja akulimbirana kale kuti ayesenso ndani, wina akuti mnzake amenya ngati akukhoma tayala.

Abwana anawayang'ana kanthawi. Kenako anatambasula dzanja. "Tabweretsani kuno."

Anagwa pa ndime yachitatu. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Ikanso."

Anagwanso. Palibe anayerekeza kuseka, kupatula mayi wa saluni. Ulendo wachitatu Abwana sanaumalize n'komwe. Anaima pakati, anapita kukhoma, anamatula kapepala ka nyimbo yovina kaja n'kukaika m'thumba.

"Khote-khote ngwa njira, palinga mtima m'pomwepo," anatero. "Zina zonsezi anthu amasewera kamodzi n'kufunsa yotsatira. Iyi ndaona anthu akuluakulu akuiwala ntchito. Ilowe, ikhale yomaliza. Koma sindifuna anthu azigwa mumdima. Tiike mawu pa sikirini ndime imeneyo isanafike, mzere umodzi, wowachenjeza. Khutu, talemba."

Khutu anatenga cholembera, koma anachiikanso pansi. Anali atalankhulira kale bambo ake kamodzi, ndipo anaona mmene zinathera. Anatuluka n'kukaima pa masitepe, pamene pankanunkha labala, n'kuimba foni.

Anayankha mayi ake, n'kuika foniyo poti onse amve.

"Yalowa, adadi. Mmene munaiimbira. Aiika yomaliza, yovuta kuposa zonse. Ngakhale abwana anga yawagwetsa."

Kunamveka mawu a mayi ake: "Akulira awa."

"Sindikulira. Ndi chimfine," anatero bambowo patali. Anatsokomola. "Yagwetsa angati?"

"Onse, poyamba."

"Eya."

"Koma akuti tilembe mawu pa sikirini owachenjeza pa ndime yachitatu. Mzere umodzi basi. Ndati ndifunse eni ake."

Khutu ankamva kenakake kakugogoda mopepuka, mwina pa mkono wa mpando. Anadikira, osawafulumizitsa.

"Lemba kuti: musathamange, mayiyu akupumira anthu awiri."

Khutu anakhala pansi pa sitepe, foni ili kukhutu, mpaka anatha kunena kuti wamva.